Malangizo: Kamangidwe ka Wotchi Yosalowa Madzi

Inu amene muli ndi wotchi yosalowa madzi, ya mtundu uja umene kampani ya Rolex idayambitsa m'chaka cha 1926 pa dzina la Oyster, tcherani khutu. Chimene chimatchinga madzi, ngakhale ambiri amayesa kuti ndi mphamvu ya dzanja, ndi kamphira kobisika m'kati mwa kachitsulo kochunira nthawi kaja. Chotero mukamanga sikuluwu ya kachitsuloko mopyola muyeso, kamphirako kamaphwanyika, mano a sikuluwu nadyeka, ndipo pambuyo pake mutha kuona nkhungu pansi pa galasi.

Pomanga kachitsuloko, kankhani pang'ono, potozani modekha ndi zala ziwiri, pakuti kuthamanga sikufika, ndipo kakangoima, lekani pomwepo. Pulayala ayi ndithu. Musanalowe m'madzi, kagwireni muone ngati kali komangika.