Dzenje la ku Davis-Besse: oyang'anira anali kuti?

Sabata yatha, titamaliza phunziro la kusweka kwa maatomu a yureniyamu, mtsikana wina wa Fomu 4 anandifunsa kuti: "Aphunzitsi, malo opangira magetsi a nyukiliyawa, china chikalakwika amawayang'anira ndani?" Belu linalira ndisanayankhe bwinobwino, ndiye ndiyankhira pompano. Za Chernobyl ndi Fukushima mwazimva kale. Lero tione ngozi yomwe siinachitike, koma inangotsala pang'onong'ono.

Davis-Besse ndi malo opangira magetsi m'chigawo cha Ohio ku America, m'mphepete mwa nyanja ya Erie. Mtima wake ndi chimphika chachitsulo momwe muli yureniyamu ndi madzi. Madziwo amatentha kufika madigiri pafupifupi 300 koma sawira ayi, chifukwa ndi opanikizidwa ka 150 kuposa mpweya wotizungulirawu. Mukukumbukira tinanena kuti madzi akapanikizidwa kwambiri amachedwa kuwira? Ndi zomwezo. M'madzimo amasungunuliramo asidi wa boroni, popeza boroni amameza manyutironi, motero amathandiza kuti kusweka kwa maatomu kusapyole muyeso.

Chivundikiro cha mphikawo ndi chitsulo chochindikala masentimita pafupifupi 15, ndipo kunsi kwake anamatako kachitsulo kosachita dzimbiri kosakwana sentimita imodzi. Pachivundikiropo pamadutsa mipope 69 ya ndodo zowongolera riyakita. Mipope ina inang'aluka pang'ono, madzi n'kumachucha. Akangotuluka ankagwera pa chitsulo chamoto n'kuphwera, kusiya asidi wokhawokha, monga mchere umatsalira pansi pa poto msuzi ukauma. Kwa zaka, asidiyo ankadya chitsulo mwakachetechete.

Mu Malichi 2002, akukonza mipopeyo, anapeza dzenje lalikulu pafupifupi ngati mpira. Masentimita 15 onse aja anali atadyeka. Chinatsala n'kachitsulo kopyapyala kaja basi, katayamba kale kutukumuka. Kakanaphulika, madzi oziziritsa akanathawa.

Wina anena kuti, "Si akanangozimitsa riyakitayo?" Apa ndi pomwe ambiri mumalakwa pa mayeso. Mukaimitsa kusweka kwa yureniyamu, zidutswa zomwe zasweka kale zimapitirizabe kutulutsa kutentha, poyamba pafupifupi 6 kapena 7 peresenti ya mphamvu yonse. Zikumveka zochepa, koma n'zokwanira kusungunula yureniyamuyo ngati palibe madzi. N'chifukwa chake pamakhala mapampu apadera odikirira ngozi komanso chinyumba chakonkire chokuta zonse. Koma palibe amafuna kuziyesa zimenezo pa ngozi yeniyeni.

Tsopano ku funso lija. Woyamba kuyang'anira ndi mwini malowo, pa nthawiyo inali kampani ya FirstEnergy. Pamwamba pake pali bungwe la boma la Nuclear Regulatory Commission, mwachidule NRC, lomwe limaika oyendera ake osachepera awiri pa malo aliwonse, ogwira ntchito pomwepo tsiku ndi tsiku. Ndiye dzenje lonselo linakula bwanji osaliona?

Chondipweteka ine n'chakuti zizindikiro zinalipo. Kuyambira cha m'ma 1999, masefa a mpweya m'chinyumba chija ankatsekeka pafupipafupi ndi fumbi la dzimbiri. Anthu ankangosintha masefa, osapeza kumene dzimbirilo linkachokera. Mu 2000 wina anajambula chithunzi choonetsa mizere yofiirira ikutsika pachivundikiro. Chizindikiro chilichonse chinkapatsidwa kachifukwa kakekake, ndipo palibe anaziphatikiza pamodzi.

Mu 2001, ming'alu yofanana itapezeka ku Oconee, malo ena a mtundu womwewo, NRC inafuna kuti Davis-Besse izimitsidwe n'kuyenderedwa pofika pa 31 Disembala. Kampaniyo inapempha kuti ipitirizeko pang'ono, ndipo NRC inalola mpaka pa 16 Febuluwale 2002. Pambuyo pake ofesi yofufuza za m'kati mwa NRC momwemo inadzudzula ganizoli, inati nkhani ya ndalama za kampani inapatsidwa malo aakulu. Kuzimitsa riyakita tsiku limodzi n'kutaya ndalama zambirimbiri, ndipo woyang'anira akayamba kumvera chisoni thumba la amene akumuyang'anira, zinthu zayamba kupotoka.

Ndiwonjezepo kena. Ku Davis-Besse komweko, mu 1977, valavu ina inakanirira yotseguka ndipo madzi anayamba kuthawa, koma ogwira ntchito anatulukira msanga. Phunzirolo silinafike bwino kwa anzawo a malo ena. Mu 1979 vuto ngati lomwelo linachitika ku Three Mile Island, ndipo gawo lina la mtima wa riyakita linasungunuka. Kuchokera apo makampani a ku America anapanga bungwe la INPO kuti azigawana malipoti a zovuta ngakhale zazing'ono, ndipo mu 1989, Chernobyl itachitika, kunabadwa la dziko lonse lotchedwa WANO.

Palinso muyeso wa INES womwe bungwe la IAEA linathandiza kukhazikitsa mu 1990, woyambira pa 0 mpaka 7. Chernobyl ya 1986 ndi Fukushima ya 2011 zili pa 7, Three Mile Island pa 5. Dzenje la ku Davis-Besse analiika pa 3, ngakhale silinavulaze munthu. Muyesowu suwerenga ovulala okha, umaonanso kuti mipanda yotetezera inatsala ingati.

Riyakitayo inakhala yozima zaka ziwiri, anaika chivundikiro china, n'kuyatsidwanso mu Malichi 2004. NRC inalipiritsa kampaniyo madola 5.45 miliyoni mu 2005, ndipo mu 2006 FirstEnergy inavomera kulipira madola 28 miliyoni pa nkhani yopereka malipoti onama ku boma.

A Fomu 4, Lolemba mubwere ndi yankho la ichi: riyakita yotulutsa kutentha kwa mamegawati 2,800 ikazimitsidwa, 6 peresenti yake ndi mamegawati angati? Nanga ndi maketulo angati a mawati 2,000 oyaka nthawi imodzi?