Foni ikamangoti "keeps stopping"

Anzanga, sabata yatha ndinatsala pang'ono kukwapulidwa. Foni ya amayi inkangolemba kuti "Google Play services keeps stopping", tsiku lomwe achimwene a ku Johannesburg ankati aimba pa WhatsApp za ndalama ya fetereza. Wolakwa ndinali ine: ndinaidzaza mavidiyo mpaka kubanika.

Zikakuonekerani, chitani izi:

1. Fufutani mavidiyo ndi zithunzi zosafunika.
2. Lowani pa Settings, Apps, pezani dzina likuvutalo, kenako Storage, dinani Clear cache. Manambala sachoka.
3. Zimitsani foni, muyatsenso.
4. Mukapeza bandulo, pangani apudeti pa Play Store.

Koma Factory reset musathamangire ayi! Imasesa zonse, zithunzi ndi manambala omwe.

Ya amayi inachira osaponda kwa okonza mafoni ku Mchinji boma. Madzulo achimwene anaimba, ine ndinapuma.