Inshulansi yanga ndi yokwanira?

Funso: Ndagula Toyota Sienta yogwirapo kale ntchito. Mlamu wanga akuti inshulansi ya third party ndi yokwanira. Nthawi zina ndidzapita nayo ku Chipata. Nditani? — Wowerenga wa ku Mchinji

Yankho: Alamu anuwo sananame, koma anena theka chabe. Lamulo la pamsewu limafuna kuti galimoto iliyonse ikhale ndi third party, ndipo apolisi akaona kapepala kake pagalasi lakutsogolo, masiku ake asanathe, amakulolani kudutsa.

Koma inshulansiyi imalipira amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu basi. Mukagunda wakabaza, iye adzathandizidwa. Bampala ndi nyali zanu zophwanyikazo mudzakonzetsa ndi ndalama zam'thumba. Inshulansi ya comprehensive ndi yodula, komabe imalipiranso galimoto yanu ikaonongeka, ikapsa kapena ikabedwa. Ngati munaigula pangongole, ine ndingasankhe imeneyi.

Ambiri amagwiritsa ntchito Sienta ponyamula anthu olipira. Ngati nanunso mukulinga zimenezo, auzeni a kampani ya inshulansi poyambirira, chifukwa mukabisa akhoza kukana kulipira pakachitika ngozi.

Za ku Chipata, guliranitu inshulansi ya Yellow Card ya COMESA musanafike pachipata cha Mwami.