Zizindikiro za Maselo Oteteza Thupi la Nkhumba

Funso: Akuti maselo oteteza thupi la nkhumba amasintha akamakhwima. Nanga akatswiri amawazindikira bwanji?

Yankho: Bambo, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Selo lotchedwa monocyte, lobadwira m'mafuta a m'mafupa ndi kuyendayenda m'magazi litavala zizindikiro za CD14 ndi CD172a, likakhazikika m'mapapo limakhwima n'kusanduka macrophage. Pamenepo chizindikiro cha CD163 chimachuluka, ndipo cha CD203a chimaonekera. Koma taonani, CD163 yomweyo ndiyo khomo la kachilombo ka nthenda ya PRRS, kotero kuti nkhumba zimene akatswiri a ku Missouri anazichotsa chizindikirochi sizinadwale nthendayo. Chigodola, ngakhale nachonso chimabisala m'maselo omwewa, sichiletseka motero. Choncho chonde, nkhumba zanu zitsekereni m'khola.