Kuika masipoti pa kagalimoto kanu: zoyenera kudziwa oyenda njira za ku Khonjeni

Tigalimoto ta ku Japan timene tadzaza m'misewu ya ku Thyolo, monga Mira, Alto, Passo ndi Vitz, anatipangira m'matauni owala usiku wonse. Kuno mukangopatuka pa msewu wa phula wa Limbe kupita ku Mulanje n'kulowera ku Khonjeni, mdima wake ndi wandiweyani, ndipo m'mphepete mwa njira muli wakabaza wopanda nyale, mbuzi, ndi amayi olawirira kukathyola tiyi kusanache. N'chifukwa chake ambiri amathamangira ku Limbe kukagula masipoti.

Musanatulutse ndalama, dziwani chimene chikukuvutani: mdima kapena chifunga? Kuyambira mwezi wa May mpaka August chiperoni chikakuta mapiri a Thyolo ndi Mulanje, masipoti sathandiza ngakhale pang'ono. Kuwala kwake kumagunda timadontho ta madzi n'kubwerera m'maso mwanu, kutsogolo kumangoti mbuu. M'chifunga mumafunika magetsi a fogi, oikidwa m'munsi mwa bampala, omwe kuwala kwake kumayala pansi n'kuonetsa malire a msewu. Masipoti ndi a usiku wopanda chifunga, pamene mukufuna kuona patali. Yang'ananinso magalasi a magetsi amene anabwera ndi galimoto. Ambiri anachita chikasu ndi dzuwa, ndipo mukawapukuta ndi mankhwala opolishira mwina mupeza kuti masipoti simukuwafunanso.

Ngati mwatsimikiza mtima, yambani ndi masamu. Mawati a magetsi anu muwagawe ndi 12, mupeza maampu amene azidutsa m'waya. Masipoti awiri a mababu a mawati 55 ndi mawati 110, kutanthauza maampu 9 ndi pang'ono. Amenewa amafuna fyuzi ya maampu 15 ndi waya wa 2.5 mm². Awiri a LED a mawati 18 amakoka maampu 3 okha, fyuzi ya 5 ikwanira. Pa kagalimoto ka injini ya 660cc ngati Mira, ine ndingasankhe a LED ang'onoang'ono, chifukwa alternator yake ndi yaing'ononso. Chimtanda cha LED chotalika ngati mpini wa khasu chisiyireni a malole. Gulaninso relay ya mapini anayi, kachosungira fyuzi, switchi, timalagi tomangira waya pa bawuti, ndi paipi yapulasitiki yovekera mawaya. Waya woonda wa masipika a wailesi ayi, amatentha n'kusungunuka.

Ntchito iyambe ndi sipanala 10: masulani mutu wa batire wa negetivi, muupatutse kuti usabwererenso pa batire. Masipoti amangirireni pa chitsulo. Bampala wa tigalimoto timeneti ndi pulasitiki, ndipo pa mabampu a njira za m'minda ya tiyi kuwala kuzingonjenjemera mpaka pulasitikiyo ing'aluke. Pali mabulaketi omangirira kuseri kwa nambala puleti, kapena wowotcherera zitsulo akhoza kukupangirani. Onetsetsani kuti simunatseke nambalayo, kapena mpata wolowera mphepo yoziziritsa rediyeta, poti zitunda za ku Thyolo zimatenthetsa injini kale.

Mtima wa ntchito yonseyi ndi relay. Anyamata ena amangodula waya wa hedilampu n'kupachikapo masipoti, basi ayaka. Amayakadi, koma moto wonsewo umadutsa m'switchi ya pa chiwongolero yomwe sinapangidwire katundu wotero, ndipo tsiku lina usiku mudzamva fungo la pulasitiki yopserera, magetsi onse n'kuzima nthawi imodzi. Relay imalola kamoto kochepa kwambiri kutsegulira njira moto waukulu wochokera ku batire. Itembenuzeni, muona manambala pafupi ndi mapini. Pini 30 ilandire waya wonenepa wochokera ku pozitivi ya batire, fyuzi ikhale pa waya ameneyu pafupi kwambiri ndi batire, osapitirira kutalika kwa chikhatho. Fyuzi yoikidwa kutali imasiya waya wautali wopanda chitetezo, womwe ukakhuzika pa chitsulo n'kuchita shoti, galimoto ipsa. Pini 87 ipite ku masipoti. Waya wakuda wa sipoti iliyonse mumangirire pa bawuti ya thupi la galimoto, mutapala penti ndi dzimbiri mpaka chitsulo chiwale. Relay yeniyeniyo imangidwe mapini atayang'ana pansi kuti madzi asadikhamo.

Mapini 85 ndi 86 ndi amene amauza relay nthawi yoyatsa, ndipo apa ndi pamene ngakhale amakaniko ena amasokonezeka. Masipoti ayenera kuyaka pokhapokha mwaika fulu, n'kuzima okha mukadima. Musadalire dzanja lanu kuti lidzafika pa switchi yachiwiri mukakumana ndi minibasi pa kona. M'masekondi amenewo mwamuthobwa m'maso mnzanuyo, ndipo woyamba kugundidwa ndi wapanjinga amene ali pakati panu. Choncho chizindikiro chitengedwe pa waya wa fulu. Vuto n'lakuti magalimoto ambiri a Toyota ndi Daihatsu switchi yawo imadula mbali ya negetivi, moti mukalumikiza 86 ku waya wa fulu ndi 85 ku thupi la galimoto, masipoti amayaka pa dimu n'kuzima pa fulu. Njira yozembera msampha umenewu ilipo pa galimoto ya babu la H4, lija la miyendo itatu: mwendo umodzi ndi wa dimu, wina wa fulu, wachitatu ndi wogawana. Pa mapini 85 ndi 86, lumikizani pini imodzi ku waya wa fulu, inayo ku waya wogawanawo. Relay wamba igwira bwino, kaya galimotoyo imadula pozitivi kapena negetivi. Kuti mudziwe waya uti ndi uti, bwezerani batire kwa kanthawi muyeze ndi tesita. Mitundu ya mawaya imasiyana galimoto ndi galimoto.

Switchi ya m'kati ikhale pa umodzi wa mawaya opita ku 85 ndi 86, kuti m'tauni kapena m'chifunga muzitha kuika fulu masipoti ali chizimire. Podutsa kuchokera ku injini kulowa m'kati, gwiritsani ntchito bowo lomwe lili kale ndi labala. Mawaya okutidwa zachikasu pansi pa chiwongolero ndi a airbag, musawakhudze. Polumikiza, kupota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi sikukhalitsa kuno. Chinyontho cha mvumbi chimalowa, kopa amabiriwira, magetsi n'kuyamba kuphethira. Finyani ndi timalagi kapena wotcherani ndi soda, kenako mangani mawaya onse kutali ndi fani ndi ekizozi.

Mukabwezera batire, yesani zinthu zitatu: pa dimu masipoti akhale ozima, pa fulu ayake, mukadina switchi azime. Ndiye lizani injini, yatsani zonse, magetsi, waipa ndi fani, muyeze pa batire. Mavoti akhale pakati pa 13.5 ndi 14.5. Akatsika pansi pa 13, ndiye kuti alternator ikulephera katunduyo ndipo batire izitha pang'onopang'ono, mudzakankhitsa anthu m'mawa. Madzulo imikani galimoto pamalo athyathyathya, mamita 8 kuchokera pa khoma, muwongole masipoti kuti pakati pa kuwala kwake pasakwere kuposa msinkhu wa sipotiyo.

Nthawi ya COF isanakwane, funsani ku ofesi ya Road Traffic ku Blantyre za chiwerengero ndi malo ololedwa a magetsi owonjezera. Ofiira ndi abuluu kutsogolo musayerekeze, apolisi a pamsewu akuimitsani. Pakatha sabata mukuyenda, tsegulani boneti mulimbitsenso mabawuti a mabulaketi, ndipo fyuzi ina ya saizi yomweyo muisunge m'kabati ya kutsogolo. Ikapsa kawiri motsatizana, pali waya amene akukhuza chitsulo. Mufufuzeni ameneyo, osaika fyuzi yokulirapo kapena kumangapo kawaya.