Phunziro la Mwezi Uno: Kodi Nyenyezi Yothothoka Nchiyani?

Amayi, mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku Ngabu m'nyumba simugoneka. Timayala mphasa panja, ana nkugona chagada. Posakhalitsa mmodzi amakuwa: "Amayi, taonani, nyenyezi yathothoka!" Inu mumamuyankha chiyani? Ena amati kwinakwake kwamwalira mfumu. Ena amanong'ona kuti ndi mfiti ili pa ulendo m'lichero. Yankho lachiwirili ndi loopsa, chifukwa kukacha limafuna dzina la munthu, ndipo kawirikawiri dzinalo limakhala la gogo wosauka wokhala yekha. Tiyeni tsono tiphunzire chimene kuwalaku kuli.

Si nyenyezi ayi, ndi mwala

Nyenyezi zenizeni ndi zazikulu ngati dzuwa, zina kuposa pamenepo, ndipo zili kutali zedi. Sizigwa. Koma m'mlengalenga muli miyala ndi tizitsulo tosawerengeka tozungulira dzuwa monga limachitira dziko lathuli. Kamwala kotere kakakumana ndi dziko, kamalowa mu mpweya wotikuta ndi liwiro la makilomita 11 mpaka 72 pa sekondi imodzi. Ndiye kuti mtunda wa pa Ngabu kukafika pa Nchalo kamaudutsa m'masekondi ochepa chabe. Liwiro limeneli limatenthetsa mpweya ndi kamwalako mpaka kuyaka. Kuwala timaona kuja nkomweku, ndipo kumachitika pa mtunda wa makilomita 80 mpaka 100 pamwamba pa mitu yathu.

Timiyala tambiri nting'onoting'ono ngati mchenga kapena njere ya mapira, ndipo timapsa nkutheratu kumwamba komweko. Koma mwala ukakhala waukulu, mbali ina imatsala nkugwera pansi. Wotsalawo akatswiri amautcha meteorite.

Inagwapo kuno kwathu

Izi si za maiko akutali okha. Pa 25 Januwale 1899 miyala yotere inagwa ku Zomba, ndipo imene inatoledwa inalemera makilogalamu 7.5. Pa 22 Januwale 1981 ku Machinga kunagwa mwala wolemera makilogalamu 93.2, kutsala pang'ono kufanana ndi matumba awiri a chimanga. Pa 17 Januwale 1988 ku Chisenga, m'boma la Chitipa, kunagwa wina wachitsulo wa makilogalamu pafupifupi 4. Yonseyi inalembedwa m'kaundula wa akatswiri a dziko lonse ndi maina a malo kumene inagwera.

Kwa anansi athu kuli yaikulu koposa. Ku Mbozi m'dziko la Tanzania, kufupi ndi malire athu akumpoto, kuli chitsulo chotere cholemera matani pafupifupi 16. Ku Namibia kuli cha Hoba, cha matani pafupifupi 60, chimene mlimi wina anachipeza m'munda mwake mu 1920. Mpaka lero chili pomwepo, palibe anachisuntha.

Maenje amene miyala ikuluikulu inasiya

Mwala ukakhala waukulu kwambiri, mpweya sutha kuuchepetsa liwiro. Umamenya nthaka nkuphulika, nkusiya chidzenje chozungulira ngati mbale. Ambiri mwa amuna ndi ana athu ali ku Joni, ndipo kumeneko kuli maenje awiri otchuka. Kumpoto kwa Pretoria kuli la Tswaing, lotambalala kupitirira kilomita imodzi, lakuya mamita pafupifupi 100. Linakumbika zaka pafupifupi 220,000 zapitazo, ndipo pansi pake pali thamanda la mchere umene anthu ankakatapa kalekale. Lina ndi la Vredefort, kumwera kwa Johannesburg, la zaka zoposa 2 biliyoni, lalikulu kuposa onse odziwika pa dziko lapansi. Ku Mexico nako kuli la Chicxulub, la zaka 66 miliyoni. Akatswiri ambiri amati kugwa kwa mwala umenewo ndiko kunathetsa zilombo zakale zotchedwa dinosaur, mtundu wa zija mafupa ake amaonetsedwa ku Karonga.

Musaope, miyala ya msinkhu umenewu imabwera patapita zaka miyandamiyanda. Komanso masiku ano pali makina oonera kutali amene amalondera thambo usiku uliwonse. Pa 2 Juni 2018 anaona mwala wina kutatsala maola ochepa kuti ulowe mu mpweya wathu. Unaphulikira pamwamba pa Botswana, ndipo zidutswa zake zinakatoledwa m'chipululu cha Kalahari.

Akatswiri amaidziwa bwanji?

Mwala wogwa kumene umakhala ndi chikhungwa chakuda chopyapyala, chonga makoko a nsima yopserera, koma m'kati mwake nthawi zambiri ndi motuwa. Umalemera kuposa mwala wamba wa msinkhu womwewo, ndipo yambiri imakoka maginito chifukwa muli chitsulo chosakanikirana ndi nickel. Akaucheka nkuuunika ndi makina okuza zinthu, mu yambiri amapezamo timibulu ting'onoting'ono tosapezeka m'miyala ya pansi pano. Poyeza zinthu za m'kati zimene zimasintha pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika, apeza kuti yambiri ili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni. Ndi yakale kuposa mwala uliwonse wa m'phiri la Mulanje, nchifukwa chake imatiphunzitsa mmene dziko linayambira. Nawo Mpingo uli m'gulu la ofufuzawa: ku Castel Gandolfo, ofesi ya Papa yoona za zakuthambo imasunga zidutswa zoposa 1,000, ndipo Br. Guy Consolmagno wa chipani cha Ajezuwiti wakhala akuzifufuza kwa zaka zambiri.

Koma chenjerani: kuno ku Ngabu mwala wakuda si wachilendo. Dera lathu lili ndi miyala yakuda yolemera imene inachokera ku chiphalaphala cha moto wa pansi pa nthaka kalekale, ndipo m'menemo ndi mmene mumapezeka miyala ya agate ija anthu amakumba. Mwala wa tizibowotizibowo ngati siponji pafupifupi nthawi zonse ndi wa pansi pompano.

Maphunziro atatu okhudza moyo wathu

Loyamba: mwala wa kumwamba si mankhwala. Pa 14 Ogasiti 1992 miyala yambiri inagwa ku Mbale m'dziko la Uganda, pa nthawi imene Edzi inali itavuta. Anthu ena anaipera nkumadya, poganiza kuti ndi mankhwala ochokera kumwamba. Sinachize aliyense. Wina akakugulitsani ufa wa "mwala wa mphenzi" kapena "mwala wa nyenyezi", sungani ndalama zanu, ndipo amene ali pa ma ARV asasiye kumwa.

Lachiwiri: mukaona kuwala kwakukulu modzidzimutsa, musathamangire pa zenera. Pa 15 Febuluwale 2013 mwala wa mamita pafupifupi 20 unaphulikira m'mwamba ku Chelyabinsk m'dziko la Russia. Anthu pafupifupi 1,500 anavulala, ambiri ndi magalasi. Anaona kuwala nkupita pa mazenera kukasuzumira, kenaka chimkokomo chinafika mochedwa nkuswa magalasiwo. Phokoso limatsalira m'mbuyo mwa kuwala, monga bingu limatsalira m'mbuyo mwa ching'aning'ani.

Lachitatu, lomwe ndi lalikulu: zochitika kumwamba zisatipangitse kuloza munthu chala. Mu Januwale 2016 ku Neno, okalamba anayi anaphedwa atanenedwa ufiti chifukwa mtsikana wina anafa ndi mphenzi. Mphenzi ndi mwala wa kumwamba nzosiyana, koma mantha ake ndi amodzi, ndipo amene amalipira ndi agogo athu. Lamulo la dziko lino la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mphekesera zotere zimayambira pa mjigo ndi ku chigayo, komwe ife amayi tilipo. Tingathe kuzizimitsa pomwepo.

Mukaona mwala ukugwa, chitani izi

1. Kumbukirani tsiku, nthawi ndi kumene kuwala kunalowera.
2. Jambulani mwalawo ndi foni usanasunthidwe.
3. Utoleni ndi pepala la pulasitiki loyera. Musautsuke, musauswe, musauike pamoto.
4. Dziwitsani a mfumu ndi ofesi ya DC, kuti uthenga ukafike ku nthambi ya boma yoona za miyala, ya Geological Survey, ku Zomba.

Ntchito ya kunyumba

Chaka chilichonse, cha pa 5 ndi 6 Meyi m'bandakucha, komanso usiku wa pa 13 ndi 14 Disembala, nyenyezi zothothoka zimachuluka chifukwa dziko limadutsa m'fumbi la m'mlengalenga. Kumwamba kukayera, tulukani ndi ana muziwerenge, koma mukatha kalowani m'masikito. Afunseni anawo: kodi mfiti ingamasunge kalendala chonchi?

Mafunso okambirana pa gulu

1. Kwanu makolo ankati chiyani nyenyezi ikathothoka?
2. Kodi m'mudzi mwathu muli okalamba amene amanenedwa ufiti? Gulu lathu lingawateteze bwanji?
3. Mwana akatifunsa usiku uno, timuyankha ndi mawu otani?