Helemeti Yabwino Ndi Imene Yakukwanani M'mutu

Amayi anzanga, njinga yamoto yalowa m'moyo wa pafupifupi banja lililonse kuno ku Karonga. Ndi imene imatitengera ku sikelo, kumsika, kumaliro ndi kumisonkhano ya bungwe lathu ku parishi. Ambiri a ife tili ndi mwana, mwamuna kapena mlongo amene amadyera kabaza pa msewu wa M1, kuyambira ku Chilumba, kudutsa pa boma mpaka ku Songwe. Malamulo a pamsewu a dziko lathu amati woyendetsa ndi wokwera yemwe azivala helemeti. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti helemeti yovalidwa bwino imachepetsa chiopsezo cha imfa ndi 42 peresenti, ndipo cha kuvulala m'mutu ndi 69 peresenti. Mawu ofunika apa ndi akuti "yovalidwa bwino". Helemeti yokhwepa kapena yosamanga lamba imavuka munthu asanafike n'komwe pansi.

Mmene helemeti imagwirira ntchito

Ubongo ndi wofewa, ndipo umakhala m'timadzi m'kati mwa chigaza. Mutu ukamenyetseka pa tara, ubongowo umagunda fupa cham'kati, mitsempha n'kuduka, magazi n'kuyamba kuunjikana pamalo popanda potulukira. Fupa la mwendo likathyoka timalilumikiza, koma ubongo ukawonongeka nthawi zambiri subwereranso mwakale.

Helemeti yeniyeni ili ndi zigawo zinayi. Pali chikamba cholimba chakunja. M'kati mwake muli chinthu choyera, chopepuka koma chochindikala, chonga chija amatchinjirizira wailesi yatsopano m'katoni. Chimenechi ndiye mwini ntchito: chimaphwanyika m'malo mwa mutu wanu. Kenako pali siponji ndi nsalu zokhudza khungu, ndipo pomaliza pali lamba wa kuchibwano. Mukapisa dzanja m'helemeti n'kupeza kansalu kokha pamwamba pa pulasitiki, ibwezeni. Chipewa cha amisiri omanga nyumba nachonso si helemeti ya njinga yamoto: anachipangira njerwa yogwa kuchokera pamwamba, ndipo m'mbali mwa mutu ndi kunkhongo chimasiya pamtunda.

Yezani mutu musanapite kukagula

Mwana akabadwa ife azamba timamuyeza mutu ndi tepi. Muyeso wa helemeti ndi womwewo. Tengani tepi ya telala, muizunguze pamphumi pamwamba pang'ono pa nsidze, idutse pamwamba pa makutu mpaka pamene mutu watukuka kumbuyo. Kawirikawiri masentimita 55 mpaka 56 ndi saizi S, 57 mpaka 58 ndi M, 59 mpaka 60 ndi L, ndipo 61 mpaka 62 ndi XL. Ngati mukutuma munthu wopita ku Mzuzu kapena ku Kyela, mulembereni nambalayo papepala.

Komabe mitu yathu inaumbidwa mosiyana, ina yobulungira, ina yotalika cham'tsogolo. Nchifukwa chake ngakhale helemeti za mayina otchuka monga Arai ndi Shoei za ku Japan, zimene mtengo wake ndi woboola m'thumba, zimatha kumukwana uyu n'kumupweteka winayo. Helemeti ya mtengo wapakati imene yakugwirani bwino imaposa yodula imene ikugwedera.

Ivaleni musanalipire

Helemeti yatsopano iyenera kulowa mothina pang'ono, masiponji n'kukhudza masaya onse awiri. Mangani lamba mpaka pakati pa lambayo ndi chibwano pazingolowa chala chimodzi kapena ziwiri. Mukatero igwireni ndi manja awiri n'kuipotokola uku ndi uku. Khungu la pamphumi ndi masaya liziyenda nayo limodzi. Ikamazungulira yokha, ndiye kuti yakula. Weramani, ndipo mnzanu ayese kuikankha kuchokera kunkhongo kupita kutsogolo. Ikavuka, imeneyo si yanu.

Musathamangire kuivula. Khalani nayo mphindi khumi kapena kuposa mukucheza ndi wogulitsa. Kuthina ponseponse mofanana n'kwabwino, chifukwa siponji imaphwa m'kupita kwa masabata. Koma ngati pali malo amodzi opweteka, monga pamphumi kapena pamwamba pa khutu, ululu umenewo sudzatha, ndipo helemetiyo idzathera pa hendulo ya njinga.

Onaninso chizindikiro cha muyezo. Helemeti zoyesedwa motsatira muyezo wa ECE 22.05 kapena ECE 22.06 zimakhala ndi kansalu kosokerera pa lamba, kokhala ndi chilembo E ndi nambala m'kati mwa kamzere kozungulira. Za muyezo wa ku America zimalembedwa DOT kumbuyo. Kapepala komata aliyense angathe kukamata, choncho chizindikiro chisakulepheretseni kupisa dzanja m'kati ndi kukoka lamba kuti muone kulimba kwake.

Kutentha kwa kuno, tsitsi ndi duku

Dzuwa la Okutobala ndi Novembala m'mphepete mwa nyanja muno tonse timalidziwa. Anyamata ambiri amakankhira helemeti pamwamba pa mutu kapena kuivuliratu chifukwa cha thukuta. Posankha, funani yokhala ndi timabowo tolowetsa mphepo kutsogolo ndi totulutsira kumbuyo, yoyera kapena ya mtundu wowala, yomwe nsalu zake zam'kati zimachoka n'kuchapika. Yowala imaonekanso msanga kwa oyendetsa malole. Yotseka nkhope yonse imateteza chibwano ndi mano, ndipo ndiyo yoyenera munthu wokhala pa njinga tsiku lonse. Galasi likhale loyera, losakalika, chifukwa lakuda limabisa maenje ndi ng'ombe kukada.

Ife amayi tili ndi vuto lathulathu. Duku lomanga mfundo yaikulu kapena tsitsi lounjika pakati pa mutu limaimika helemeti m'mwamba, mphumi n'kukhala pamtunda. Tsiku la ulendo mangirani tsitsi cham'munsi kunkhongo, ndipo valani kaduku kopyapyala kopanda mfundo pamwamba. Kaduku komweko kadzakutetezani ku thukuta, nsabwe ndi chipere za m'helemeti yobwerekana. Ngati mumakwera kawirikawiri, khalani ndi yanuyanu. Banki m'khonde imene imatigulira feteleza ingathenso kutigulira helemeti, mmodzi mwezi uno, wina mwezi wamawa. Mwana wamng'ono musamuveke ya munthu wamkulu, ndipo dziwani kuti khanda la kumsana palibe helemeti yolikwana. Ngati pali galimoto kapena njira ina, sankhani imeneyo.

Ikachita ngozi, ntchito yake yatha

Choyera cham'kati chija chikaphwanyika sichifufumanso, ngakhale kunja kukuoneka kosalala. Helemeti imene yamenyetseka ndi mutu m'kati itayeni, ndipo chenjerani ndi zakaunjika chifukwa mbiri yake simuidziwa. Opanga ambiri amalangiza kusintha pakatha zaka pafupifupi zisanu. Musaipente, musaiboole, musaisunge pafupi ndi petulo.

Mukapeza munthu wagwa, musamuvule helemeti mokoka kapena kumupinda khosi, pokhapokha ngati sakupuma kapena akutsamwa ndi masanzi. Munyamuleni mutu, khosi ndi msana zili mowongoka. Munthu amene wagunda mutu akayamba kusanza, kusinza modabwitsa, kusokonezeka, kukomoka, kapena kutuluka magazi kaya timadzi m'khutu kapena m'mphuno, thamangirani naye kuchipatala chapafupi, kaya ndi St Anne's ku Chilumba, Atupele kapena chachikulu cha pa boma, ngakhale papite maola angapo chigwereni. Mayi woyembekezera akagwa pa njinga akaonedwe ndi azamba tsiku lomwelo, ngakhale asakumva ululu.

Zokambirana pa msonkhano wanu

Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Pa msonkhano ukubwerawu bwerani ndi tepi ya telala ndi helemeti za kunyumba kwanu. Yezanani mitu, yesani malamba, pisani manja m'kati. Kenako kambiranani mafunso awa: Kodi ndi angati a ife amene timakana kukwera wakabaza akakhala wopanda helemeti yachiwiri? Nanga anyamata a kabaza a m'mphakati mwathu tingawathandize bwanji kupeza helemeti zowakwana?